Bambo Anaima Mbali Yanu ya Msewu

Lamulungu, 17 Novembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino, kungoti mvula ya kuno siidziwa tchuthi. Ndiyambe ndi mawu awa kuti musawerenge mtima uli m'mwamba: Bambo ali bwino, akudya, akumwa mankhwala awo a shuga, ndipo pamene ndikulemba pano ali pampando wawo akukangana ndi wailesi. Koma pali nkhani imene ndinakubisirani pafoni sabata yatha. Pafoni inu mumathamanga, ine n'kumachita chibwibwi, n'chifukwa chake ndasankha pepala.

Tsiku lija tinagwirizana kuti Bambo achoke kwanuko adzakhale ndi ine, munandiuza kuti, "Ukangoona kuti zikukulaka, usalimbe mutu, ndidzabwera kudzawatenga." Mawu amenewo sanachoke m'mutu mwanga. Ndinawapempha ndekha Bambowa, ndipo walira mvula walira matope, koma sindifuna kuti achoke pakhomo panga.

Chibwerereni, Bambo sanasiye kuyerekeza kuno ndi kwanuko. Amati mayiko awiri a azunguwa ndi ana a mimba imodzi, Chingerezi chawo chimodzi, koma wina anakulira kumsika, wina kuchipatala. Kwanuko, akuti, munthu wosakudziwa amakumwetulira mano onse pamtunda n'kukufunsa za moyo wako, koma ukati uyankhe wapita kale. Kuno ukamuponda munthu phazi m'basi, wopepesa ndi iyeyo. Kwanuko mbale imodzi ya kulesitilanti ikhoza kukhutitsa banja, kuno amakuikira kachidutswa pakati pa mbale ngati mankhwala. Chimene amachisowa kwambiri ndi kanema wa kwanuko, anthu anayi patebulo kukuwa nthawi imodzi, malemba ofiira kumathamanga pansi. Akuti kumeneko nkhani ili ndi moto, pamene kuno owerenga nkhani amalankhula ngati akuopa kudzutsa khanda.

Komabe wailesi ya m'dera lathu satseka. Masana pamabwera muulutsi wina wa mawu ozizira amene Bambo anamutcha M'busa wa Nyengo, chifukwa ulaliki wake ndi mitambo yokhayokha. Anthu amaimba foni kudandaula za maenje a mumsewu, nkhono zodya maluwa, ndi amphaka osowa. Bambo amapukusa mutu n'kumati, "Dziko lopanda nkhani ili. Mphaka mpaka kulowa pa wailesi?" Ine ndinkaseka nawo.

Winanso amene tinkamuseka ndi mayi wamasiye wokhala kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi ife. Tinamutcha Mayi Katani, chifukwa aliyense akatuluka pakhomo pathu, katani yake imagwedezeka. Moni wake unali wogwedeza mutu basi. Mumtima ndinkati akutiwerenga chifukwa ndife obwera, ndipo ndinkamuda ndithu.

Mukudziwa kuti manja a utelala a Bambo sakhala chete. M'tauni muli mayi wina wokonza zovala amene amawalola kukhala pakona ya shopu yake n'kumapinda mathalauza. M'mawa uliwonse alamu anu amawaolotsa msewu n'kuwakweza basi asanapite kuntchito. Lachitatu lina alamu anuwo anaitanidwa molawirira kuntchito, ine ndinali nditapita kale kunyumba ya okalamba kumene ndimasamalira makolo a eni ake. Alamu anuwo anazengereza pakhomo, koma Bambo anawathamangitsa. "Akamwini, pitani. Ine ndinayamba kukwera basi inu musanamere mano."

Masana mayi wa shopu uja anandiimbira foni kufunsa ngati Bambo adwala, chifukwa sanafike. Nditathamangira kunyumba ndinapeza foni yawo ili pampando, jekete lili pamsomali, mankhwala ali patebulo, kunja mvula ikuwaza ndi mphepo. Mukudziwa kuti masiku ano mutu wawo umatayatayako zinthu, ndiponso shuga wawo sadikira munthu. Ine ndi alamu anu tinazungulira njira yonse yopita m'tauni, siteji ndi siteji, koma palibe amene anawaona.

Kupolisi anandikhazika pampando, nalemba zonse modekha, mpaka kundifunsa ngati ndingamwe tiyi. Achemwali, ndinafuna kugubuduza tebulo. Ndinkati zikanakhala kwanuko bwenzi magalimoto akulira m'misewu, nkhope ya Bambo itadzaza kanema aliyense. Foni ndinaigwira kuti ndikuimbireni, koma ndinaibweza m'thumba chifukwa choopa mawu anu aja. Wapolisi wamkazi anati auza anzake onse, auzanso a wailesi, ndipo ine ndikadikire kunyumba mwina Bambo abwerera okha.

Ndili kunyumba, M'busa wa Nyengo anamaliza kaye za mitambo yake, kenako anati, "Tikufunafuna bambo wachikulire wovala juzi yobiriwira, ali ndi tepi yoyezera zovala m'khosi. Mukamuona musamudzidzimutse. Mupatseni moni, mumukhazike pofunda, mutiimbire." Mawu ake anali omwe aja amalengezera amphaka. Ndinalira ndi ukali.

Nyimbo yotsatira isanathe, wina anagogoda. Anali Mayi Katani, ambulera kudzanja lina, makiyi a galimoto kudzanja lina. Aka kanali koyamba kumva mawu ake.

"Pepani kukusokonezani," anatero. "Ndamva pa wailesi. Bambo anu ndinawaona m'mawa. Masiku onse amaoloka n'kudikira basi mbali yanga. Lero sanaoloke, anaima mbali yanuyi. Ndinaganiza kuti ali ndi kwina kopita, ndiye sindinafune kulowerera. Ndinalakwitsa."

Pomwepo maso anga anatseguka. Kwanuko magalimoto amayenda mbali ina, kuno mbali ina. Bambo atatsala okha, miyendo yawo inakumbukira zaka zonse zija anakhala nanu, naima mmene ankaimira kwanuko. Basi inabwera ya nambala yomweyo, koma yolowera kunja kwa tauni. Ife tsiku lonse tinkawafuna kumene sanapite.

Mayiyo sanadikire kuti ndimupemphe. Anandikweza m'galimoto yake yonunkhira sopo, nayendetsa atagwira chiwongolero ndi manja awiri, koma pena ankandigwira bondo. Tili m'njira, muulutsi uja anabweranso ndi mawu ake ozizira omwewo. Anati mayi wogulitsa tiyi kumene basi imathera waimba foni, bambo wa tepi m'khosi ali naye, wamwa tiyi wa shuga pang'ono, ndipo pakadali pano akumusokera thumba la epuloni. Mayi Katani anaseka mpaka galimoto inagwedera. Ine ndinalephera kusankha pakati pa kuseka ndi kulira, ndinachita zonse.

Tinawapeza atakhala pafupi ndi mbaula, atafunda jekete la dalaivala wa basi, singano ili m'manja. Atandiona anangoti, "Wachedwa."

Ndinagwada n'kuwagwira mapazi, anali ozizira ngati mwala. "Bambo, mumapita kuti?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. "Kwa mkulu wako. Basi yake imaima mbali iyi. Koma aisintha njira, sinadutse pakhomo pake."

Achemwali, mawu amenewo anandilasa, ndipo nsanje inandigwira pang'ono, sindikubisirani. Koma ndinaonanso kukula kwa ntchito imene munaigwira zaka zonse zija osadandaula, mpaka thupi la Bambo linaloweza njira ya pakhomo panu. Sindinakuthokozenipo mokwanira. Zikomo.

Palibe wa kamera amene anabwera pakhomo pathu. M'mawa mwake muulutsi anangoti, "Bambo uja wapezeka ali bwino, zikomo nonse," n'kubwerera ku mitambo yake. Ine ndinayamika kuti kuiwala kwa Bambo sikunasanduke chionetsero cha dziko lonse, koma eni akewo anakhumudwa. Akuti, "Kwa mkulu wako ndikanatuluka pa kanema sabata yathunthu. Kuno andiika mzere umodzi ndi amphaka." Komabe chiyambire tsiku limenelo, M'busa akamalalikira, Bambo amatiletsa kulankhula.

Sindikunena kuti kuno n'kwabwino kuposa kwanuko. Anthu a kwanuko akanathamanga mofuula, a kuno anathamanga mwakachetechete, ndipo ine kuona maso a nkhono kunandilaka. Amene ndinkamuyesa kazitape ndi amene ankadziwa mbali imene bambo anga amaima m'mawa uliwonse. Tsopano alamu anu akalawirira, Mayi Katani ndi amene amaoloka kudzawatenga Bambo n'kudikira nawo basi. Dzulo anabweretsa katani ija kuti Bambo aipinde, akuti inatha m'mphepete chifukwa choigwiragwira. Anatero yekha akuseka, ine manyazi anandigwira mpaka ndinathawira kukhitchini.

Ndiye pempho langa ndi ili. Muli ndi ufulu wokwiya, ndipo mukaimba foni ndidzamvetsera mpaka mumalize. Koma musawatenge. Sindili ndekha monga mmene ndinkaganizira, msewu wonse uno ukuwayang'anira. M'malo mwake bwerani inuyo, ngakhale masiku ochepa. Chipinda chilipo, ambulera tidzakubwerekani.

Alamu anu akupereka moni, ndipo akuti mlandu wowasiya Bambo okha akuuvomera. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mayi Katani nayenso akuti moni kwa mwana wa Bambo wa kutsidya kwa nyanja. Bambo ndawauza kuti ndikulembera inu, ndiye atsitsa wailesi n'kunena kuti ndikufunseni mbali imene ayenera kuima kuti basi iwafikitse kwanu. Ndawayankha kuti asaime mbali iliyonse, akhale pampando wawo, ulendo uno wokwera ndinu. Avomera, ndipo atembenuzira mpando kuwindo.

Chonde musandisandutse wabodza.

Ndine mng'ono wanu wokukondani.