Ngati Basi Iima pa Nsipe

Lolemba, 14 Julayi 2025

Lero ndadumpha. Ndilembe msanga ndisanaiwale mmene ndamvera.

A Sellina, a fiziyo amene amandichititsa masewera a bondo ku chipatala cha ku boma, anamata tepi pansi n'kundiuza kuti ndiime ndi mwendo wakumanzere wokha, wa opaleshoniwo, ndidumphe tepiyo. Ndinangoti njo, ngati mbuzi yokana kuwoloka mlatho. Iwo amvekere, "Christobel, munthu woti munagoletsa mapointi 30 ku Maputo, lero mukuopa tepi?" Ndinadumpha chifukwa cha manyazi basi. Bondo silinanene kanthu. Kachiwiri, kachitatu, zii. Akuti mtsempha wagwira, mwezi wamawa nditha kuyamba kuthamanga pa bwalo.

Miyezi isanu ndi iwiri ndili pakhomo pa amayi kuno ku Nsipe. Pobwerera ndinakana kabaza, ndinayenda wapansi mpaka pokwerera minibasi. M'minibasimo ndimangomwetulira ndekha, mpaka mayi wina anasendera kuwindo.

Amayi akuti, "Ndiye ubwerera ku ntchemberembaye kwakoko?" Zaka khumi ndi ziwiri ndikudya za basiketibolo, amayi anga akadatchulabe ntchemberembaye. Ndinasiya kuwakonza.

Lachiwiri, 15 Julayi

Ndadzuka n'kuligwira bondo lija. Silinatupe. Mtima pansi.

Masewera a mwendo ndapanga ndi kathumba ka mbatata komangirira pa kakolo, monga mwa masiku onse. Kenako ndinachita zimene ndakhala ndikuzemba: ndinaonera pa foni gemu ya Mphenzi ya Loweruka lapitali. Timu yanga. Yapambananso, kachinayi motsatizana, ine kulibe.

Chandiwawa si kupambanako. Ndi mmene mpira ukuyendera. Ukudutsa m'manja mwa anthu anayi, asanu, ndiye wina n'kuponya. Ngakhale Tisunge, amene chaka chatha ankangotenthetsa benchi, wagoletsa 14. Akusekererana pobwerera kumbuyo. Nthawi yanga mpira ukafika kwa ine sunkatulukanso, aliyense ankadziwa, ankangoima n'kumaonerera.

Ndiye bondo lachira, inde. Koma alipo akulifuna?

Lachitatu, 16 Julayi

Za Zione sindinalembepo m'buku muno ngakhale kamodzi. Lero ndilemba, palibe ati awerenge.

Zione ndi amene amayendetsa mpira m'timu mwathu. Zaka zisanu ndi chimodzi takhala chipinda chimodzi pa maulendo, mswachi wokha ndiwo sitinabwerekane. Tsiku lija mu Disembala, kutatsala masekondi ochepa, ndinadumpha pakati pa anthu atatu, potera ndinaponda phazi lake, bondo n'kumveka thu. Ndili gone pansi anabwera kudzandigwira mutu. Ndinamukankha. Ndinati, timu yonse ikumva, akochi akumva, "Wasangalala tsopano, timu ndi yako." Madzulo ake ndinatuluka pa gulu la WhatsApp. Anandilembera katatu, sindinayankhe. Atafuna kudzandizonda kuchipatala ndinauza amayi kuti anene kuti ndagona.

Zoona zake ndi izi. Z. anali yekha pansi pa ring'i, manja m'mwamba, akuitana "Bel, Bel". Ndinamuona bwinobwino. Ndinafuna chigoli chomaliza chikhale changa. Phazi lake linali pamene mpira umayenera kupita, ine ndi amene ndinapita pomwe sindimayenera.

Ndalemba. Manyazi andigwira ngati wina waima kumbuyo kwanga.

Lachinayi, 17 Julayi

Loweruka Mphenzi ikusewera ku Blantyre. Ulendo woyamba wodutsa pano chivulalireni.

Basi ya timu ikamachokera ku Lilongwe imaima pa benchi ya amayi pa msika pano. Sizinalembedwe paliponse, zinangoyamba. Anayambitsa ndi Z. yemweyo, chaka chathu choyamba, akuti tikaone nyumba imene inabereka mlongoti, kunena ine ndi kutalika kwangaku. A Dyton, adalaivala, amaimba hutala katatu asanafike. Atsikana amatsika kudzasankha mbatata ndi kabichi, akochi a Fabiano amamwa thobwa makapu awiri n'kumanama kuti ndi imodzi. Kamodzi tinadutsa osaima chifukwa tinachedwa, tinaluza ndi mapointi 20. Kuyambira pamenepo palibe amayerekeza.

Koma ankaima chifukwa cha ine. Nanga pano aimire chiyani?

Amayi afulula kale thobwa, ndowa yodzadza. Ndinati, "Amayi, musadzivutitse, mwina saima." Iwo osatembenuka n'komwe: "Unayambana nawo ndiwe. Ine sindinayambane ndi munthu."

A Fabiano ndinawalembera Lolemba lomwe lija za bondo. Ayankha lero: "Tathokoza Mulungu." Basi. Ndawawerenga mawu awiriwo mwina kakhumi, sakuwonjezeka.

Lachisanu, 18 Julayi

Ndamulembera Z. "Unali wekha pansi pa ring'i. Ndinakuona. Pepa." Wawerenga 10 koloko m'mawa. Dzuwa lalowa, sanayankhe.

Nandolo wa amayi ndasenda yense, ndi wamawa yemwe.

Loweruka, 19 Julayi

Zilembo zikhala zokhotakhota, ndifotokoza chifukwa chake.

Ndinati sindipita ku msika. 8 koloko inandipeza ndili komweko, nditavala patapata ndi juzi ya amayi yomwe manja ake amandithera m'zigongono, ndikunamizira kuunjika mbatata. Kuzizira kwake. Basi iliyonse yoyera ikatulukira, ndimasiya mbatata n'kusuzumira.

Cha m'ma 9 ndinaiona. Mzere wachikasu m'mbali, ndi yomweyo. Ndinadikira hutala. Palibe. Inafika pa ife osachepetsa liwiro, ndinangoona mitu m'mawindo, n'kudutsa.

Sindinalire. Ndinangogwira mbatata imodzi n'kumaiyang'ana. Amayi anapitiriza kupukuta makapu ngati sanaone. Kenako anati, "Tayang'ana kumunsi uko."

Inali itaima patsogolo pa lole ya makabichi imene inatseka malo athu. Woyendetsa si a Dyton, ndi bambo wina watsopano wosadziwa za hutala, ndipo atsikana amamukalipira mpaka mawu amamveka kuno.

Woyamba kutsika Zione. Wameta tsitsi. Anabwera pang'onopang'ono, nkhope yosaseka. Ndinali nditakonza mawu ambiri, onse anathawa. Atatsala mapazi khumi anawerama pa mulu wa mayi a Benson, ogulitsa moyandikana ndi amayi, anatola kabichi wamkulu, n'kundiponyera pachifuwa ndi mphamvu zake zonse, mmene amaponyera pa bwalo.

Ndinawakha. Sindinaganize n'komwe, ndinatera pa mwendo wakumanzere n'kuzungulira pomwepo. Kumbali kwanga Tisunge anali atakweza manja, yekha, akuti "Bel, Bel". Msika wonse ukuonerera. Ndinampatsira.

Z. anati, "Waona? Sizipha munthu."

Ndinati, "Bwanji sunandiyankhe?"

"Ine ndinadikira miyezi seveni. Iwe tsiku limodzi lakukanika?"

Apa ndiye ndinalira, pamaso pa ogulitsa tomato onse. Iye anandigwira mutu ngati tsiku lija, ulendo uno sindinamukankhe. Mayi a Benson akuti kabichi wawo tamuzunza, amayi akuwapatsa thobwa kuti akhale chete.

A Fabiano anamaliza kapu yachiwiri, n'kuyang'ana bondo langa nthawi yaitali. Akuti, "Timu imene unaisiya si imene uipeze. Uyambira pa benchi, ndipo mpira ukadzaugwira masekondi oposa atatu ndidzakutulutsa." Ndinati ndamva, akochi. Ndinadabwa kuti mumtima munapepuka m'malo mowawa.

Atayamba kukwera ndinabwerera kuseri kwa benchi ya amayi. Z. anasuzumira pa chitseko. "Ukudikira kalata? Mpando wako tikumaikapo zikwama, tazichotsa." Ndinayang'ana patapata wanga. Amayi anali atandiponyera kale kachikwama kanga, muli buku lino ndi foni, akuti, "Pita ukaonerere ntchemberembaye yakoyo."

Ndiye ndikulemba pa bondo, lomwelo, basi ikudumpha. Manjawira tadutsa. Kumbuyo akuimba nyimbo yatsopano imene sindikuidziwa, Tisunge akuti andiphunzitsa. Z. wagona kale monga amachitira, kukamwa yasa, mutu paphewa panga. Phazi lake laponda langa, ndipo ndi lolemera.

Sindilichotsa.