Dambo Lanu Sindinalipereke Chikole

Mwadzama,
Loweruka, pa 19 Julaye.

Amayi, kwacha bwanji uko muliko? Kuno mwera wakula, asodzi sanalowe m'madzi masiku anayi tsopano.

Dzulo, Lachisanu pa 18 Julaye, ndinapita ku ofesi ya gulu lathu la alimi a mpunga kukabweza gawo loyamba la ngongole ya nyumba. Tinalipo anthu atatu: ine, mlembi wa gulu, ndi atsibweni a Maliseni ngati mboni. Ndinapereka K630,000. Pobwera ndinalibe womuuza, ndiye ndati ndikulembereni inuyo.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Alamu anga, akazi a achimwene a Fanuweli, anachira pa 2 Meyi ku Dwangwa. Ndi mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Ndinangomva pa foni, sindinamuonebe. Mwana wanga Chisomo ali Fomu 3, amabwera pa holide pokha. Mbuzi yanu ya mawanga ija inaswa awiri, mmodzi anafa ndi mphepo. Kudambo kwanu chaka chino ndakolola matumba 26 a mpunga wosapuntha.

Za nyumba zinayenda chonchi. Inu munatisiya pa 3 Malichi chaka chatha. Pa 27 mwezi womwewo khoma la kuchipinda kwanu linagwa ndi mvula. Ndinagona m'khitchini miyezi isanu ndi itatu. Njerwa ndinaumba ndekha ndi kuwotcha, koma malata, simenti, matabwa ndi mmisiri zinafunika ndalama. Ndinafunsa za ngongole malo atatu.

Koyamba tinapita ku banki ku Boma ndi achimwene. Bambo wa kumeneko anatilandira bwino, anatipatsa ndi mipando. Anati akhoza kutipatsa K6,000,000, yokwanira nyumba ya zipinda zinayi, tizibweza mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu. Koma anati malo athu tikawadulitsire mapepala, ndipo dambo lanu likhale chikole. Achimwene anasangalala. Tili panjira anati, "Achemwali, musamaope ndalama ngati njoka. Timange nyumba yoti anthu akamadutsa pamsewu aziloza." Ine ndinangoti ndamva.

Achiwiri ndi obwereketsa ndalama aja amayenda pa njinga yamoto m'midzimu. Anandipeza okha pakhomo. Anati K2,000,000 ndiilandira Lachitatu la sabata yomweyo, osadikira. Nditafunsa kabwezedwe, anati Lolemba lililonse. Ndinafunsa kuti nanga sabata yomwe ndadwala? Anaseka, nati matenda sadziwa Lolemba, ngongolenso sidziwa matenda.

Achitatu ndi gulu lathu lija munkasonkhako inu. Iwo anati sangapitirire K1,800,000, ndipo ndidikire miyezi iwiri komiti ikhale pansi. Chiwongoladzanja ndi K720,000, zonse pamodzi K2,520,000. Kubweza ndi kanayi m'zaka ziwiri, mu Julaye ndi mu Okutobala, pamene mpunga uli m'nyumba. Chikole ndi masheya anga ndi makina anga osokera.

Amayi, ndinasowa tulo. Mukudziwa kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 8, ndipo mapepala awo anali ndi mawu ambiri. Ndinafunsa atsibweni, iwo anati, "Mphwanga, ine za mabankizi ndine mlendo, ndingodzakhala mboni basi." Ndiye ndinachita zomwe munkachita inu. Ndinatenga lichero lanu lija, ndinatola nthanga za bwemba, ndinakhala pansi pa mtengo masana. Ndinaika milu khumi ndi iwiri, mulu uliwonse mwezi wake, nthanga imodzi kuimira K10,000 yomwe ndimapeza mwezi umenewo. Juni, Julaye ndi Okutobala milu inatukumuka. Januwale anali ndi nthanga zinayi. Febuluwale anali ndi ziwiri, za kusoka zigamba.

Ndinayamba kuchotsa za banki mulu ndi mulu. Pofika Disembala ndinayamba kubwereka kwa mwezi wina. Pofika Febuluwale lichero linali loyera, ndisanagule ngakhale mchere. Za anjinga aja sizinafike ndi Khirisimasi yomwe. Za gulu zokha ndi zomwe zinasiya nthanga m'mulu uliwonse, ngakhale zochepa. Pamenepo ndinamva ngati mukuyankhula kumbuyo kwangaku, muja munkanenera pogawa mpunga: "Ngongole usamaiyeze ndi mwezi wokolola, mwanawe, uziiyeza ndi Febuluwale." Ndinatembenuka. Panali nkhuku basi.

Pa 12 Sepitembala ndinasaina ku gulu. Nditawauza achimwene pa foni, anakwiya. Anati ndawachititsa manyazi kwa bambo wa ku banki uja, ndipo zipinda ziwiri ndi khola, si nyumba. Anati iwo akanamathandiza kubweza ndi malipiro a ku mzimbe. Ndinawakumbutsa mofatsa kuti ntchito yodula mzimbe imaima mvula ikayamba, miyezi yomweyo imene ine ndimakhala ndilibe kanthu. Ndinawauzanso kuti dambolo si langa ndekha kapena lawo. Inu munalilandira kwa agogo, ndipo pambuyo panga pali Chisomo. Anadula foni. Chichokereni tsiku limenelo sanapondeko kuno. Mwina ndinalakwitsa kayankhulidwe, sindikudziwa. Inu mukanadziwa mowauzira.

Nyumba inatha pa 30 Novembala. Malata analowa 22, simenti matumba 15. Ili pomwe panali yakale paja, khomo likuyang'ana kudambo. Pansi ndinaika simenti chipinda chimodzi chokha, chinacho ndikuzirabe ndi dothi. Mawindo ndi a matabwa, magalasi adzabwera ngongole ikatha.

Mvula yoyamba inagwa pa 6 Disembala, cha m'ma 2 koloko masana. Paja munkati, "Ndisanafe ndidzamveko mvula ikulira pa malata anga, osati kumangothamanga ndi mabeseni." Ndinatulutsa mpando wanu, ndinauika pakati pa chipinda, ine ndinakhala pansi pambali pake. Phokoso lake ndi lalikulu, Amayi, munthu sungamve mnzako akuyankhula. Kwa ine sizinavute, panalibe woyankhula naye. Sipanadonthe paliponse.

Febuluwale anabwera monga mwa masiku onse. Ndinadwala malungo masiku asanu ndi anayi, makina osokera anangokhala. Palibe amene anagogoda pakhomo kudzafuna ndalama. Nditachira ndinapita kukapalira dambo lanu, likadali lathu.

Kuti ndipeze ya dzulo ija ndinagulitsa matumba 9, lililonse pa K70,000. Atsala 17. Awiri ndapatula a mbewu, poti munkati mbewu sidyedwa ngakhale mwana alire. Ena ndikusungira gawo la Okutobala ndi fizi ya Chisomo. Limodzi ndalisoka bwino ndi kulilemba dzina la kamwana ka achimwene kaja. Loweruka likubwerali ndikwera nalo minibasi ya ku Dwangwa. Akandilandira, chabwino. Akapanda kundilandira, ndikalisiya pakhomo, ndikaone nkhope ya mwanayo, ndibwerere.

Ndikulonjeza kuti dambo lanu silidzalembedwa pa pepala la munthu aliyense ine ndili moyo. Ndimakusowani tsiku lililonse, makamaka powerengera zinthu.

Ine mwana wanu wokukondani,
Lusiya.

Ngongole yotsala pofika lero ndi K1,890,000.