Asilikali a m'thupi mwa bambo a Tisa

Lachitatu, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mutu wanga sukugwira.

M'mawa ndinaperekeza amuna anga, bambo a Tisa, kuchipatala cha boma. Chiwachotsereni ntchito kumgodi, kuchipatala cha kampani sitipondako. Zala ndi mawondo zatupanso, moti batani la malaya ndimawamangira ndine.

Adokotala anafotokoza m'Chibemba chosakaniza ndi Chingerezi. Akuti asilikali a m'thupi mwawo asokonezeka, akumenya thupi lawo lomwe. Mapiritsi atipatsawa ndi ofooketsa asilikaliwo. Ndinafunsa kawiri, kuganiza kuti sindinamve bwino. Ofooketsa ndithu.

Kuno ku Chamboli taika maliro angati a anthu amene asilikali awo anatha? Aliyense akusakasaka chowawonjezera, ife tikukatenga chowachepetsa.

Masana alamu anga, achemwali a bambo a Tisa, afika kuchokera ku Ndola ndi mbatata yamankhwala ija yatchuka kumsika. Akuti, “Mulamu, muziwiritsa, azimwa madzi ake. Imawonjezera asilikali.” Nditawauza za adokotala, anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, “Ndiye mlongo wangayu mukufuna kumutsiriza?”

Ndinawiritsa mbatatayo iwo akuona, kuti mawa asakanene kwa abale kuti ndinakana.

Alamu apita. Kapu ya madzi a mbatata ili patebulo, mapiritsi ali pambali pake. Bambo a Tisa angoti, “Iwe ndiwe unamva bwino, ndipatse chimene ukuona.” Atambasula dzanja lotupalo, akundidikira, ndipo ine ndikungolemba izi.