Woponya Mpira wa a Walter ndi Mawindo a Nyumba Yanga

Lewisham, pa 18 Januwale

Amayi anga, kumene muliko kukucha bwanji?

Kuno kukuzizira ndipo mdima ukumagwa folo koloko itangodutsa, koma tonse tili bwino. Lero zakwana zaka ziwiri, miyezi isanu ndi masiku asanu ndi anayi chitisiyireni. Mpongozi wanu Esnart ali kuntchito kuchipatala, ndiye ndakhala ndekha patebulo la kukhitchini kuti ndikuuzeni za kuno ndi za kumudzi.

Ndiyambe ndi yokoma. Mdzukulu wanu Tadala anachira pa 3 Novembala, mwana wamkazi, makilo atatu ndi pang'ono. Tamutcha dzina lanu. Vuto ndi loti pakamwa panga pakukana kulitchula, choncho ndikamunyamula ndimangoti Amayi, ndipo Tadala amaseka. Akakwiya amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira mukapeza nkhuku pa mphale.

Kumudzi, mng'ono wanga Limbani akuti kachewere wa kudimba anatuluka matumba 23, awiri anawola. Chimanga chafika m'chiuno. Mbuzi yanu ya mawanga ija yabereka mapasa. Ine bondo lakumanzere likumandivuta pokwera masitepe a basi, koma si zoti mudandaule nazo.

Zodandaulitsa ndi za Abambo. Ng'ala yakula m'maso onse awiri. Limbani akuti munthu akaima pakhomo amamuzindikira ndi mawu, nkhope amaiona pokhapokha ayandikire. Pa 6 Disembala anandifunsa pafoni kuti, "Fanuel, ubwera liti?" Ndinawayankha kuti ndiyambe ndamaliza nyumba ya ku Dedza, kwatsala mawindo asanu ndi awiri, zitseko ndi pulasitala, mwina zaka ziwiri. Anangoti, "Chabwino." Kalata ino ndikulemba chifukwa cha yankho langa limenelo, ndipo kuti mumvetse mpofunika ndikuuzeni za munthu wina wa kuntchito.

Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira kuli madala ena dzina lawo a Walter, a zaka 88. Anabadwira konkuno, koma anakhala ku America zaka zambiri akukonza zikepe za m'nyumba zosanja, n'kubwerera akazi awo atamwalira. Kumeneko anatengako matenda amodzi: mpira wa ndodo wotchedwa baseball. Umafanana ndi raundasi ija ankasewera achemwali kusukulu, kungoti uku ndi amuna a ndevu olipidwa ndalama zoopsa. Wina amaponya kampira kolimba ngati gwafa wosapsa, wina amakamenya ndi ndodo yonga kamusi, n'kuthamanga kuzungulira ngodya zinayi. Akabwerera pamene anayambira, ndiye chigoli.

A Walter ali ndi timu yawo. Masewero ake amachitika ife tili m'tulo, choncho amawaonera m'mawa mwake pa TV akatha kumwa tiyi, ndipo amaletsa aliyense kuwauza zotsatira. Ngati kuti mu Lewisham muno muli wina amene akuzidziwa.

Mpira umenewu uli ndi mwambo umene unandigwira mtima. Woonera weniweni amakhala ndi buku la timabokosi ndi pensulo, n'kumalemba chilichonse chimene wosewera aliyense wachita. Akalephera kumenya katatu mumalemba K. Akazungulira n'kufika mumadetsa kabokosi. Manja a a Walter amanjenjemera, ndiye ataona mmene ndimalembera bwino patchati chawo cha madzi akumwa, anandipatsa pensulo. Mukukumbukira kuti kuchigayo kwa a Phiri kope silinasowepo ndowa ngakhale imodzi m'zaka zisanu ndi chimodzi zimene ndinaligwira? Dzanja lake ndi lomwelo. Sitandade 8 yanga yandifikitsa patali. Tsopano ndadzaza mabuku atatu, ndipo iwo amanditcha Kalaliki. Amayi Mwanza, a ku Chipata amene amatiphikira, akadutsa amati, "Imwe ba Fanuel, bola ya bene mwaigwila monga ni munda wanu!"

Nkhani yagona apa. M'nyengo yozizira ino mpirawu umaima, ndipo kumatseguka msika wa anthu. Wosewera amene wagwira zaka zokwanira, kontilakiti yake ikatha, amakhala mfulu kupita kwa aliyense amene angamupatse zambiri. Amawatchula kuti ma free agent. Matimu olemera amathamangira kukagula. Ena amakonda kulera anyamata awoawo m'matimu ang'onoang'ono, ngati nazale ya kabichi, n'kumawawokera akakhwima. Eni timu ya a Walter ndi a nazale. A Walter amati ndi aumbombo basi, amamwa tiyi ndi thumba limodzi la masamba sabata yonse.

Chaka chilichonse mu Disembala iwo amalembera kalata eni timuwo kuwauza kuti atsegule chikwama. Sanayankhidwepo, kupatula kakhadi kamodzi kosindikiza kowathokoza, kamene amakasunga m'Baibulo. Zaka ziwiri zapitazi ine ndi amene ndinkawalembera, iwo akunena, mawu ovuta akundiuza chilembo chimodzichimodzi.

Disembala wapitayu zinafika povuta. Woponya mpira wawo wamkulu, amene anakulira m'timu momwemo, kontilakiti yake yatha. Matimu ena akumunyengerera, ndipo eni ake anena kuti mtengo wake wakwera kwambiri, adalira anyamata. Pa 15 Disembala a Walter anandiitana, n'kuyamba: mubwezeni woponyayo pa mtengo uliwonse, mugulenso omenya awiri.

Amayi, mukudziwa kuti ine sindine wa makani. Koma masamu akalakwika ndimamva kuyabwa. Ndinaika cholembera pansi, ndinatenga mabuku atatu aja, ndinati, "Bambo Walter, mundikhululukire, koma mabuku anu omwe akukutsutsani." Ndinawaonetsa. Pa anthu atatu amene timuyo inagula chiyambire ine kulemba, mmodzi anathyoka mkono atangosewera masewero 11, n'kukhala pansi akulandira malipiro. Wachiwiri ndinamulembera ma K ochuluka kuposa wina aliyense. Wachitatu yekha ndiye anabweza ndalama. Pamene anyamata awiri a m'nazale, olipidwa zochepa, mabokosi awo akuda akuwonjezeka chaka ndi chaka. Ndinati woponyayo wakula, mkono wa munthu si chitsulo, mukampatsa kontilakiti ya zaka zisanu mudzalipira ziwiri zomaliza ali pampando. Ndinawauzanso mawu anu aja, kuti mbewu yogula sidziwa munda wako. Ndinamaliza ndi kuti eni timu akuchita bwino, anyamatawa akungofunika zaka zinayi.

Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula. Kenako anati, "Kalaliki, iwe wodziwa masamu, 88 kuphatikiza 4?"

Ndinati 92.

"M'nyumba muno muli angati a zaka 92?"

Ndinkadziwa, chifukwa masiku obadwa a onse ndimasunga ine. Alipo mmodzi, mayi wa m'chipinda cha kumapeto, amene anaiwala ndi dzina lake lomwe.

Anati, "Eni timu aja ndi ana. Adzakhala ndi timuyo zaka makumi atatu. Angathe kudikira. Iwe ukuwerenga ndalama zawo, ine ndikuwerenga ma Epulo anga." Epulo ndi mwezi umene mpirawu umayamba. Atatero anatambasula dzanja, ndinawapatsa mabuku onse atatu ndi pensulo, anaziika pansi pa pilo. Masiku asanu ndi anayi ndinkawasambitsa, kuwameta, kuwamanga mabatani, iwo osandiyankhula kupatula zikomo.

Tsiku limene tinatsutsanalo, ndili m'basi yobwerera kunyumba ndinatulutsa kakope kanga ka m'thumba. Sindikudziwa chimene ndinkafuna, koma ndinatsegula masamba a chaka chimene munatisiya. Pa 14 Meyi ndinalemba kuti: Amayi akuti ndibwere, tikiti mapaundi 640, ndidikire ndigule malata kaye. Pa 9 Ogasiti ndinalemba kuti: tikiti mapaundi 1,110. Ya ulendo womwewo, Amayi, ndege yake yomweyo. Yoyamba ija mukanandiona, mukanandifunsa chifukwa chake ndaonda. Yachiwiriyo ndinafika n'kupeza bokosi atakhoma kale. Malata ndinagula, 46, ali padenga bwinobwino, sadontha. Zimenezi sindinakuuzenipo, ndipo Esnart sindinamuonetsepo tsamba limenelo. Ndinapitirira siteji yanga ndi masiteji awiri.

Inu munali ndi miyambi iwiri imene munkaisinthanitsa. Ndikafuna kuthyola mapichesi osapsa munkati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikazengereza kukamanga mbuzi munkati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ine pa iwiriyo ndakhala ndikusankha wotchipa.

Ndipo ndinakumbukira chimene ndinabisira a Walter. Zoona, mbewu simunkagula, munkasunga yanu pamwamba pa moto. Koma chaka chimene Abambo anagonekedwa m'chipatala mu Januwale, udzu utakwera m'munda wa kuphiri, munagulitsa mbuzi ya bere n'kulemba aganyu asanu ndi mmodzi. Anthu anakunenani kuti mukanadikira ibereke. Munati udzu sudikira mbuzi. Aganyu aja awiri analima mwachinyengo, anangokwirira udzu, ndinawaona ndi maso anga. Komabe chaka chimenecho tinadya mpaka kukolola kwina.

Ndiye maganizo anga pa za timu ija tsopano ali chonchi, ndipo ndawaganizira mofatsa. Masamu anga sanalakwe. Timu yongogula, yopanda nazale, idzasauka, ndipo mwa anthu atatu ogula mwina mmodzi yekha ndiye adzapindule. Koma eni timu sakusowa ndalama. Anthu amalipira pakhomo chaka chilichonse, ndi a Walter omwe amalipira mwezi ndi mwezi kuti aonere pa TV ali kutsidya lino la nyanja. Ndalama imeneyo amalandira ya chaka chino, ndiye sibwino kumawagulitsa anthu chaka cha mtondo nthawi zonse. Omenya awiri aja angawasiye, anyamata alipo. Koma woponyayo amubweze, ngakhale adzalipire zaka ziwiri ali pampando. Zaka ziwirizo ndi aganyu aja okwirira udzu. Umalipira ndithu, chifukwa munda ndi wa chaka chino.

Pa 24 Disembala, nditawameta ndevu, ndinawauza zimenezi. Ndinawauzanso za matikiti awiri aja, ngakhale sitiloledwa kwenikweni kutula mavuto athu kwa okalamba. Kenako anati, "Omenya awiri ukundimana?" Ndinati ee, ndikukumanani. Anati, "Waumbombo ngati iwo omwe. Tenga pepala."

Tinalemba. Inatenga masiku atatu chifukwa mawu ena amene ankafuna kuikamo sindikanawalemba ndi dzanja limene munalibatizitsa. Kumapeto anandilola kuwonjezera mzere wanga. Ndinalemba kuti: ine amene ndagwira cholembera ndine Fanuel, ndalemba masewero a timu yanu zaka zitatu, ndawerengera, ndipo mungathe, mwini kalatayi ali ndi zaka 88. Ndinaiponya pa 29 Disembala, sitampa ndinagula ndekha. Mpaka lero yankho kulibe, ndipo woponyayo sanasainebe kulikonse. A Walter m'mawa uliwonse amandifunsa ngati kwamveka kanthu. Mabuku anandibwezera, ndi pensulo yatsopano pamwamba.

Kaya eni timu adzamva, izo ndi zawo. Chikwama chimene ndingathe kutsegula ine ndi changa. Pa 8 Januwale ndinatenga ndalama ya mawindo ndi zitseko n'kugula tikiti, mapaundi 785. Ndinyamuka pa 2 Meyi, ndifika pa 3, ndikhala masabata atatu, nthawi yokolola. Yotsalayo ndatumiza kwa Limbani kuti apite ndi Abambo kwa adokotala a maso akaone ngati ng'alayo ingachotsedwe. Esnart nditamuuza anangoti, "Mwachedwa nazo, bambo a Tadala." Nyumba ya ku Dedza ikhala chiyasamire chaka china, mwina ziwiri. Mileme isangalale.

A Walter akudandaula kale kuti ndani adzawalembera masabata atatuwo, mpira utayamba kumene. Ndikuphunzitsa amayi Mwanza. Dzulo, akuyeserera pa masewero akale a pa TV, anadetsa kabokosi kolakwika ndipo a Walter anakuwa mpaka nesi anabwera kudzaona. Koma nditawafunsa ngati ndisinthe tsiku kuti ndipite mpira utatha, anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Kalaliki, bambo ako ali ndi zaka zingati?" Ndinati 84. Anati, "Ndiye ukundifunsiranji?"

Abambo ndinawaimbira Lachisanu. Sindinanene kuti mwina, kapena Mulungu akalola ndalama zikapezeka, monga ndimanenera. Ndinawauza tsiku. Anandiuza ndibwereze, ndinabwereza. Limbani akuti auza kale mudzi wonse, ndi mbuzi zomwe.

Ndidzabwera ndi chithunzi chachikulu cha mwana wa dzina lanu, choti Abambo athe kuchiona akachiyandikiza kumaso. Ndidzapempha kuti atilole kulowa kumene mwagonako, ndidzalambule ndi manja anga, ndipo kalata ino ndidzakuwerengereni ndili chikhalire pambali panu. Koma mundikhululukire, Amayi, ndikatsika minibasi sindidzayambira kwa inu. Ndidzayambira pakhonde pamene pali Abambo, ndidzayandikire mpaka andione nkhope.

Tsikulo ndalemba ndi inki, osati pensulo, ndipo ndikukulonjezani kuti sindilisuntha.

Ndine mwana wanu wokukondani masiku onse,

Fanuel