Kamwala Komwe Kanakulira M'chipinda Mwanu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno ku Kalingalinga tilipo. Akazi a Yohane anachira mu Epulo, mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Mpapaya wanu wabereka mpaka tikugawira aneba. Denga la kukhitchini likudonthabe. Yohane akuti akonza mawa, ndipo mawa la mwana wanu uja mukulidziwa.

Ine sukulu yatsala pang'ono. Munkauza anzanu kumsika kuti mwana wanu amaphika madzi ku yunivesite, ndipo simunkanama kwenikweni. Ndimasungunula mchere wa ku labu m'madzi, n'kuthiramo kamkuwa pang'ono, kenako n'kupachika kambewu ka mchere womwewo pa ulusi m'botolo. Madzi akamauma, kambewuko kamakula n'kukhala kamwala koonekera ngati galasi. Ndiye timayeza mmene kapangikira mkati ndi mmene kuwala kumadutsira. Popanda kamwalako, digiri palibe. Vuto lake sikafuna kugwedezedwa kapena kutentha kosinthasintha, ndipo ku labu malaiti amangothimathima. Kawiri konse kanang'aluka.

Ndiye ndinanyamula mabotolo atatu n'kuwaika m'chipinda mwanu, poti ndi mozizira ndipo anthu salowamo chichokereni inu. Kupusa kwanga, sindinauze munthu. Tsiku lina bamulamu, akazi a Yohane aja, analowa kukafuna beseni lanu losambitsira khanda, n'kupeza mabotolo a madzi obiriwira, ulusi uli lende, pansi pa bedi la malemu. Inunso mukanaganiza chiyani? Pofika ine ndinawapeza ndi azimayi awiri a kutchalitchi kwawo, akupemphera mofuula, mabotolo awiri atakhuthula kale m'ngalande.

Ntchito ya miyezi inayi, Amayi. Ndinalira ngati tsiku lija tinakuikani m'manda ku Chingwere, ndipo ndinawalankhula mawu oti inu simukanandisekerera. Mtima utatsika ndinakumbukira zija munkanena, kuti chobisa m'nyumba ya anthu ambiri chimasanduka ufiti. Ndinakapepesa ndine.

Botolo lachitatu sanalione, linali m'kabati kuseri kwa zitenje zanu. Nditawafotokozera, bamulamu anachita manyazi mpaka kusanduka alonda. Manje mwana aliyense akangothamanga pafupi ndi chitseko chanu, amaona zakuda. Kamwalako kanakula bwinobwino, kufika ngati chala chachikulu, kopanda mng'alu. Sabata yatha aphunzitsi anga anakadula, tinakayeza, kuwala kunadutsa mmene timafunira, ndipo andiuza kuti ndiyambe kulemba. Ndasangalala kwambiri, kungoti ndinalakalaka mukanakagwira m'manja, muone zomwe ndinkachedwera kubwera kunyumba zaka zonsezi.

Katsala kachidutswa. Ndikulonjeza kuti ndidzabwera nako kumanda mu Okutobala, ndidzakaike kumutu kwanu. Kameneka kakanyowa kamasungunuka, ndiye mvula yoyamba idzakatsitsira kwa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyanjane