Mabatani Awiri Amene Ndinasinthanitsa

Neno,
16 Julayi 2024

Okondedwa achimwene a Gerishon,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lilongwe. Ndalemba kalata chifukwa kuno netiweki imagwira pakhonde la ofesi pokha, pamene aliyense amamva zolankhula zako.

Achimwene, kapulogalamu kosinthira mabatani a kiyibodi kamene munandipatsa pa fulashi kaja kandiika m'madzi. Bwanji simunandiuze kuti kusinthako kumakhala m'kompyuta, osati m'kiyibodi? Munangoti, "Ndi kophweka, Alufeyo, ngakhale mwana angathe." Kophweka!

Mukudziwa kuti pakompyuta ya pasukulu pathu batani la Enter linafa ndi fumbi. Ndiye ndinalisinthanitsa ndi la Delete: ntchito yotsegula inapita pa Delete, ntchito yofufuta inapita pa batani lakufalo. Ndinakondwa, poganiza kuti tsopano palibe angafufute kanthu mwangozi. Aphunzitsi anzanga ndinangowauza kuti azidina Delete akafuna Enter. Zoti ndasintha ndine sindinanene, poti ahedi, a Malizani, amaletsa kuika mapulogalamu osawapempha.

Lachisanu lapitali ndili kumaliro ku Luwani, kunabwera kiyibodi yatsopano. A Clara, mayi amene amatilembera muofesi, anailumikiza, nasangalala kuti Enter wachira. Anasankha foda ya malikisi a Fomu 1, kudina Enter, foda zii, yasowa. Anayesa ya Fomu 2, chimodzimodzi. Mayi ameneyu ndi wakhama, achimwene. Anayesa zonse zinayi.

Mudzati zikadali m'bini ya kompyuta. Zinalimodi. Koma ine Lolemba lililonse m'mawa ndimakhuthula biniyo, chifukwa sindifuna zinyalala. Dzulo ndinafika sikisi koloko, ndisanamve kalikonse, ndinakhuthula osayang'anamo. Ine amene ndimawerenga choko kawiri ndisanatseke kabati!

Makolo abwera Lachisanu likudzali kudzatenga malipoti a ana. Mapepala a mayeso tinabweza kale, ndipo ena akulungira kale zitumbuwa kumsika. Dzulo lomwelo ahedi anakalipa pamaso pa tonse kuti, "Mayi Clara, kodi munaphunzira kutayipa kapena kusesa?" Iwo anangoti, "Bwana, ndinadina Enter basi, ndikulumbira." Onse anaseka, wina mpaka kunena kuti kompyuta yalodzedwa. Ine ndinali pomwepo, ndikuyang'ana nsapato zanga. Ahedi akuti mawa akauza komiti ya sukulu kuti ipeze mlembi wina. Mayiyu amalera yekha ana atatu.

Ndiye chonde, ngati pali njira yobwezera zimene zakhuthulidwa m'bini, nditumizireni uthenga wolemba, sitepe ndi sitepe, osadumpha kanthu monga munachitira ulendo uja. Kompyutayo ndaizimitsa, waya wake uli m'chikwama changa.

Koma yankho lanu silingafike komiti isanakumane, ndikudziwa. Masana ano a Clara anandibweretsera nthochi, ati, "Aphunzitsi, inu nokha simunandiseke. Mulungu akudalitseni." Zandikanika kudya. Mawa m'mawa ndikawadikirira ahedi pakhomo la ofesi, ndikanene zonse. Ndalemba kale mawu ake katatu.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti ndili bwino, koma zoti ndikhala wachiwiri kwa ahedi chaka chamawa ayambe asiya kuuza anzawo kutchalitchi.

Ndine mng'ono wanu,
Alufeyo