Khonde Ndatseka, Achemwali

Okondedwa Achemwali a Manorama,

Ndagwira mapazi anu. Muli bwanji ku Surat kumeneko, inu ndi alamu a Sudarsan? Bondo lija linasiya kuvuta? Ine thupi lokha ndiye lili bwino.

Mwana wanga Tapu akudwala. Ndi chifuwa chachikulu, mtundu uja wosamva mankhwala a masiku onse. Zotsatira za makhololo ake ndinaziwerenga ndekha ngati za mwana wa eni, mpaka maso anafika pa dzina.

Mukudziwa mmene ndakhala ndikugwirira ntchito. M'mawa ndimaona anthu oumba njerwa pakhonde pathu ulere, masana ndimapita kuchipatala cholipira kukasaka chodyetsa banja. Anthuwo amabwera akutsokomola, fumbi la uvuni lili mbuu m'tsitsi. Tapu ankakonda kudyera mpunga wake pamasitepe asanapite kusukulu. Odwalawo ankamubweretsera magwafa, n'kumamutcha adokotala aang'ono. Ndinkamuthamangitsa ndithu, koma mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi mungamuthamangitse kangati?

Mlamu wanu Sabitri sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ankapinda zovala za mwana uku akulankhula pang'onopang'ono. Anati zaka zonsezi wadya chakudya chozizira podikira ine, wapita yekha kumaukwati a abale ake anthu n'kumamufunsa ngati mwamuna alipo, zonsezo anapirira. Koma mapapo a mwana wake, anatero, sanali anga oti ndigawe ulere. Anamutenga, ali kwa makolo ake ku Cuttack. Apongozi anandiuza pafoni kuti ndisavutike kubwera, kumeneko aliko madokotala odziwa kusiyanitsa nyumba ndi chipatala.

Ndiye khonde ndinatseka. Benchi ndinalowetsa m'nyumba, pageti ndinaika loko. Ndinkati Sabitri akamva abwerera. Anamva, nayankha kuti ndachedwa.

Anthu sanaleke kubwera. Amakhala kunja pansi pa mtengo wa nimu, osagogoda. Ndikamatuluka pa njinga yamoto amaimirira n'kuphatikiza manja, ine maso kutsogolo ngati sindinawaone.

Lachiwiri kunabwera Kuntala, mayi wosenza njerwa, amene mwamuna wake Bhikari ndinkamupatsa mankhwala a chifuwa chomwechi. Anali mu sari yoyera, nsalu yovala akazi amasiye, zibangili palibe. Ndinadziwa ndisanafunse. Anati nditatseka, Bhikari anayesa kupita kuchipatala cha boma, koma n'kutali, ndipo mwini uvuni anamuuza kuti akajombanso asadzaonekenso. Anasankha njerwa, mankhwala anasiya. Anamwalira akusanza magazi.

Ndinaima kudikira kuti anditukwane. Iye anamasula nsonga ya sari natulutsa duwa lofiira. Anati wachokera kukachisi kukapempherera adokotala aang'ono. Anafunsa ngati mwanayo akudya. Anati ndisadandaule kwambiri, ana amalimba kuposa ife akuluakulu. Kenaka, maso ali pansi, anati mwana wake wamkazi nayenso wayamba kutsokomola, koma si kanthu, adikira ndidzapeze mpata.

Achemwali, duwalo ndinalandirira pamwamba pa geti. Loko sindinatsegule.

Ndikatsegula, Sabitri ndi Tapu ndawataya. Ndikapanda kutsegula, amene atsatire Bhikari ndikuwadziwa, nkhope ndi mayina omwe. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, njira sindikuiona. Kuchipatala cholipira ndimaseka ndi odwala shuga, ndikabwera kuno ndimadya chiimirire, chifukwa kukhala pansi ndekha kukundikanika.

Pempho langa ndi ili. Sabitri amakumverani, paja munamusankha ndinu. Chonde kwerani sitima mupite ku Cuttack. Sindikuti mukamuuze abwerere, mwina iye ndiye akulondola. Mukangomupempha andilole kuona mwana, ngakhale pawindo.

Akakana, mukandichitire chimodzi. Mukamunyamule Tapu, muike khutu pamsana pake, kumanzere, pansi pa fupa la phewa, mumuuze apume kwambiri. Mudzandiuze ngati mukumva kaphokoso ngati ka tsitsi lofikisidwa pakati pa zala. Madokotala awo sayankha foni yanga, ndipo mwa zifuwa zonse za m'boma lino, chimenechi chokha ndiye sindikuloledwa kumvetsera.

Ambuye Jagannath akusungeni. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Amayi musawauze kaye, akuganiza kuti Tapu ali kutchuthi kwa agogo ake a ku Cuttack.

Ndine mlongo wanu,
Niranjan